Chingwe Choyamba Chinali pa Ziro

Amayi anga sandifunsanso za madzi. Tikamayankhula pa foni amandiuza za mwana wa achemwali amene wayamba kuyenda, za tchalitchi chimene akuchifolera, za mwendo wawo umene umawawa kukachita mitambo. Mvula ikayamba ndimadikira kuti mwina afunsa, monga ankachitira chaka choyamba ndili pa ntchito, koma amangoti, "Kuno yagwa," n'kupita pa nkhani ina. Ndikudziwa pamene zinayambira. Ndi pa mizere yochepa ya pulogalamu ya kompyuta imene ndinalemba ndekha, masana ena otentha, mu ofesi ina ku Mandala, mu Blantyre.

Ndinakulira ku chigwa cha Shire, tsidya la kum'mawa, m'munsi mwa mapiri otsika kuchokera ku Thyolo. Kamtsinje ka kwathu miyezi yambiri kamangokhala mchenga. Koma mvula ikagwa kumapiriko, ngakhale kwathu kuli dzuwa, kamadzaza munthu asanamalize kupalira mzere umodzi. Pamene amayi amachapira pali mwala waukulu wafulati. Malemu bambo anasiya lamulo loti madzi akaphimba mwala umenewo, mbuzi, mbewu ndi zofunda zipite kumtunda kwa amalume tsiku lomwelo. Ndi ulendo wa maola awiri wapansi, m'matope, mbuzi zikukoka uku ndi uku. Kambiri tinkasamuka pachabe. Tinkabwerera patapita masiku awiri n'kupeza nyumba ili youma, anzathu akutifunsa moseka ngati kumtundako kunali ukwati. Komabe tinkasamuka.

Sukulu ndinaphunzira komweko, ya pulayimale ndi ya sekondale yoyendera. Kompyuta ndinayamba kuigwira nditabwera ku Blantyre, kumene msuweni wanga anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yake ku Kanjedza n'kundilembetsa maphunziro. Sindinali wanzeru kuposa anzanga, koma ndinali wosamala. Ndinkalemba chilichonse m'kope ndisanachilowetse mu kompyuta. Chimene ndinkalephera ndi kufunsa. Munthu wamkulu akayankhula, mawu anga ankathawira m'mimba.

Nditamaliza ndinalembedwa ntchito ku kabungwe kena koyang'anira kuchuluka kwa madzi m'mitsinje ya kuchigwa. Mu ofesi ya makina tinalimo awiri. Winayo anali bambo wa imvi amene tonse tinkangowatchula kuti achikulire. Makolo awo anachokera ku Mozambique kudzera ku Mulanje, iwo ankakhala ku Bangwe, ndipo anali atagwira mawaya zaka zambiri kuposa zimene ine ndinali nazo. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe wa kotentha, juzi mwezi uno? Ukafika Juni uzivala bulangete?"

Kuyambira pomwepo dzina langa linali wa kotentha.

Anandionetsa mmene ntchito imayendera. Kuchigwa kunali masiteshoni asanu ndi atatu. Siteshoni iliyonse inali kabokosi komangirira pa mlatho, kokhala ndi choyezera madzi, batire ndi sola. Kabokosiko kankatumiza nambala ya kuya kwa madzi kudzera pa netiweki ya foni. Mu ofesi, pa shelefu, panali mamodemu asanu ndi atatu, timabokosi takuda ta nyanga imodzi, iliyonse yomvera siteshoni yake yokha. Kuchokera ku modemu iliyonse kunkatuluka chingwe cholowa m'bokosi la mabowo asanu ndi atatu, amene timawatchula kuti mapoti, ndipo bokosilo linkalumikizidwa ku kompyuta.

"Mvetsa ichi," anatero achikulire. "Uthenga ukabwera sunena kuti ndachokera kwakuti. Umangoti madzi ndi akuya chonchi, nthawi yakuti. Kompyuta imadziwa mwini wake poona khomo limene walowera. Ukasokoneza makomo, wasokoneza mitsinje."

Poti iliyonse kompyuta imaipatsa dzina. Pa kompyuta imene ndinaipeza mayinawo anali COM1, COM2, mpaka COM8, ndipo achikulire anawalemba pamanja mu failo, dzina lililonse pa mzere wake, pambali pa siteshoni yake. Ndinawerenga mndandandawo. Siteshoni wani inali pa mlatho wa kamtsinje ka kwathu, kumtunda pang'ono kwa mwala wa amayi.

Tsiku lomwelo ndinawaimbira.

"Kabokosi kaja ka pa mlatho?" anafunsa. "Ana amati ndi kojambulira ng'ona."

"Ayi amayi, ndi koyezera madzi. Nambala yake imafika pa tebulo panga."

"Ndiye iwe uli ku Blantyre ukuona madzi a kuno?"

"Ndikuwaona."

Anaseka pang'ono. "Abambo ako akanamva zimenezi."

Cha mu Okutobala kompyuta yakale ija inapsa magetsi atabwera mwamphamvu. Kunabwera yatsopano, yoyendera dongosolo lina. Abwana, amene ankayang'anira ofesi yonse, anati popeza masiteshoni adzawonjezeka, zolemba mayina pamanja zithe. Munthu azingolemba kuti 1-8, pulogalamu izipanga yokha mayina a mapoti onse. Ntchitoyo anandipatsa ine. Inali ntchito yanga yoyamba imene sinali yopukuta fumbi kapena kusintha inki, ndipo ndinafunitsitsa kuti aione ndi kukondwa.

Sinali yovuta. Pulogalamu imatenga zimene munthu walemba, n'kuzidula pa kamzere kapakati, kutsala wani uku ndi eyiti uko. Kenako imawerenga kuchokera pa nambala yoyamba mpaka yomaliza, n'kumamata nambala iliyonse kumapeto kwa tsinde la dzina. Ndinafufuza n'kupeza kuti pa kompyuta yatsopanoyo tsinde lake si COM koma ttyUSB. Ndinalemba m'kope, ndinabwerezanso, kenako ndinalowetsa. Panatuluka ttyUSB1, ttyUSB2, mpaka ttyUSB8, mwaukhondo, ndipo dzina loyamba linapita kwa siteshoni wani, lachiwiri kwa siteshoni thu, motero basi.

Nditayatsa, mizere isanu ndi iwiri inayamba kuonetsa manambala. Pa mzere womaliza panabwera uthenga wofiira, woti chipangizo chotchedwa ttyUSB8 palibe.

Achikulire anasuzumira pa phewa langa, chikwama chili kale m'manja. Ankathamangira basi ya ku Mulanje, kumene kunagwa maliro a mlamu wawo.

"Eyiti inafa kale imeneyo. Anaba sola miyezi itatu yapitayo."

Ine ndinali nditawerenga uthengawo kawiri. Sunkanena kuti siteshoni ili chete. Unkanena kuti khomo lenilenilo kulibe. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo ndinadziwa kuti n'zosiyana. Ndinatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo abwana analowa.

"Zofiirazi n'chiyani? Mawa kukubwera alendo amene anatigulira kompyutayi. Asazione zimenezi."

"Ndikonza, bwana."

Achikulire ali pa khomo anatembenuka. "Wa kotentha, wazula zingwe?"

Iwo anali ndi kachitidwe kawo. Akalumikiza chilichonse, ankazula chingwe chimodzichimodzi n'kuyang'ana pa sikirini kuti mzere umene wafa ndi wake womwewo. Ankati chingwe umachidziwa pochichotsa. Ndinali nditawaona akuchita zimenezo kangapo.

"Ndayesa, zili bwino," ndinayankha.

Sindinazule. Atapita ndinafika pa shelefu n'kugwira chingwe choyamba ndi zala ziwiri. Manambala anali akuyenda bwino, abwana ali mu khonde akuyankhula pa foni za alendo a mawa. Ndinaganiza kuti ndikazula n'kukana kubwerera, achikulire kulibe, ndidzati chiyani. Ndinachisiya. Ndinabwerera pa mpando n'kuwonjezera mizere iwiri yoti dzina likasowa chipangizo chake, pulogalamu izingodumpha osanena kanthu. Zofiira zija zinatha.

Mawa lake alendo anabwera, ndipo abwana anandiloza nati, "Mnyamata wathu uyu, wa sukulu za kumudzi, ndi amene wakonza." Ndinayang'ana pansi. Poweruka ndinayenda wapansi mpaka mu tauni, ndinagula tchipisi pafupi ndi msika, ndinadya nditaimirira, kenako ndinakwera minibasi ya ku Limbe nditakhala pa mpando wakutsogolo. Ndimakumbukira kuti ndinali wosangalala kwambiri.

Inali nyengo ya dzuwa. Mitsinje yonse isanu ndi itatu inali pansi, manambala ake ofanana ngati ana a mimba imodzi. Panalibe choti munthu n'kukayikira.

Mvula itayamba, amayi anayamba kundiflasha. Ndinkatuluka nthawi ya nkhomaliro, kukaima pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi, n'kuwaimbira.

"Makina ako akuti chiyani?"

Kawiri konse madzi anafika m'mphepete mwa mwala, ine ndinayang'ana mzere wa siteshoni wani n'kuwauza kuti palibe choopsa. Kawiri konse sanasamuke, ndipo sipanachitike kanthu, monga mmene zinkakhalira kambiri ngakhale kale. Mbiri inafala. Azimayi pa mjigo anayamba kuwafunsa kuti mwana wanena zotani. Amayi oyandikana nafe nyumba, amene ankasunga apongozi awo okalamba, ankabwera m'mawa kudzamva. Amayi anga ndi mayi wamasiye wosayankhulayankhula, ndipo chimwalirire bambo panalibe amene ankabwera pakhomo pawo kudzafunsa nzeru. Ndinkamva m'mawu awo kuti akuyenda mosiyana.

"Dzulo mpaka abusa anafunsa," anandiuza tsiku lina. "Ndinati dikirani ndimve kaye ku Blantyre."

Mu Januwale kunagwa mvula ya masiku atatu yosalekeza. Tsiku lachitatu minibasi zinali zosowa, zodzaza kuchokera ku Limbe komwe, kondakitala akungokupiza dzanja. Ndinayenda wapansi chigawo chachikulu cha njira n'kufika ku Mandala nsapato zikulira. Isanakwane thwelofu foni yanga inalira katatu motsatizana. Ndinaimba ndili pa tebulo pomwepo.

"Mwala wamira," anatero amayi, opanda moni.

"Wamira liti?"

"M'mawa uno. Madzi ake ndi ofiira, akubwera ndi mitengo ya nthochi. Ndamanga kale zofunda. Makina akuti chiyani?"

Ndinayang'ana mzere wa siteshoni wani. Nambala inali itakwera, koma pang'ono, kutali ndi malire amene tinaika oti zikafika apa ndiye zoopsa. Ndinayang'ana nthawi ya uthenga womaliza, unali wa mphindi zochepa zapitazo. Ndinaganiza za mwendo wawo, za maola awiri m'matope, za mbuzi zisanu ndi imodzi, ziwiri zili ndi bere. Ndinkafuna kuwapatsa mawu abwino.

"Akwera, koma pang'ono, amayi. Sanafike poopsa."

"Koma mwalatu wamira."

"Mwina ndi madzi ongodutsa. Kumtunda kwa mlatho sakuonetsa kuti kukubwera ambiri."

"Ndiye tisapite?"

"Dikirani kaye. Ndikhala ndikuyang'ana. Akangoyamba kukwera ndikuimbirani."

Ndinamva akupuma. Kumbuyo kwawo kunkamveka mvula pa malata ndi mawu a munthu wina akufunsa kuti wati chiyani.

"Chabwino, bambo," anatero. "Wati tidikire," anauza winayo.

Masana onse sindinachoke pa mpando. Tiyi anazizira pambali. Nambala ija inkakwera ngati munthu wotopa, pang'ono, n'kuima, pang'ono. Cha m'ma folo ndinaimba kuti ndiwauze kuti zidakali bwino, koma foni sinalowe. Ndinati mwina batire yatha, popeza kunalibe dzuwa loti atchajire. Ndinapita kunyumba.

M'mawa mwake amalume anandiimbira ndili pa siteji ya minibasi. Anati madzi anafika dzuwa lisanalowe, osati pang'onopang'ono koma ngati khoma. Amayi ndi anthu a nyumba zitatu zoyandikana anathawira pa chulu kuseri kwa tchalitchi, ndipo anali atangowatenga kumene pa bwato. Onse anali moyo. Nyumba yathu inagwa. Mbuzi zinali m'khola, chitseko chomanga ndi waya.

"Ndi mlatho womwe wapita," anatero amalume. "Pamodzi ndi kabokosi kanu kaja."

Sindikumbukira mmene ndinafikira ku ofesi. Ndimakumbukira kuti nditakhala pansi, mzere wa siteshoni wani unali ukulandirabe manambala. Unalandira wina ine ndikuyang'ana. Achikulire analowa akukutumula ambulera, ndipo ndinawauza zonse mosalongosoka: mlatho, kabokosi, mbuzi. Kenako ndinaloza sikirini.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anaika ambulera pakona, anapita pa shelefu, anazula chingwe choyamba.

"Wafa uti?"

"Palibe."

Anachibwezera, anazula chachiwiri.

"Wafa uti?"

"Wani."

Anapitiriza. Chachitatu chinapha mzere wa thu. Chachinayi chinapha wa firii. Atazula chomaliza, cha siteshoni eyiti imene tonse tinkati inafa, unafa mzere wa seveni. Tinadzamva pambuyo pake kuti munthu wa kuchigwa anali atakaikako sola ina masiku aja kompyuta yakale itapsa, uthenga wake sunatifike. Miyezi yonseyi eyiti inali ikuyankhula, titaiveka dzina la inzake.

Achikulire anakoka mpando, anakhala pambali panga, analamula kompyuta kuti ionetse mayina a mapoti amene ili nawo. Anatuluka asanu ndi atatu. Lomaliza linali ttyUSB7. Loyamba, pamwamba penipeni, linali ttyUSB0.

"Iyi imayamba kuwerenga pa ziro," anatero motsitsa mawu.

Kusukulu kwathu tinkawerenga ndi timitengo ndi zitsekerero za mabotolo. Choyamba chinali wani. Ziro inali chimene umapeza pa mayeso ukalephera zonse, kutanthauza kuti palibe. Ku maphunziro a kompyuta anatiuza kuti makina ambiri amayambira pa ziro, ndinazilemba m'kope, ndinakhoza ndi funso lake lomwe. Koma tsiku lija, nditaona 1-8, mutu wanga unawerenga ngati mwana wa timitengo. Chingwe choyamba, cha kwathu, chinali pa ziro, ndipo pulogalamu yanga sinagogodepo pa khomo limenelo ngakhale kamodzi. Madzi amene ndinkauza amayi anali a siteshoni thu, mtsinje wina wotakata, woyenda mwaulesi, kutali ndi mapiri athu.

Kukonza kwake kunali kuchotsa wani pa nambala iliyonse isanamatidwe ku tsinde. Sizinanditengere mphindi. Ndinafufutanso mizere iwiri ija yodumpha mwakachetechete. Nditayatsa, poti ya ziro inatseguka. Modemu imasunga mauthenga ake omaliza, akale n'kumafufutika, choncho a dzulo lake onse anali momwemo, akudikira. Anatsika pa sikirini umodziumodzi, uliwonse ndi nthawi yake. M'mawa nambala inali yokwera kale. Pofika teni koloko inali itadutsa malire. Uthenga wa nthawi imene ndinkayankhula ndi amayi ndinauyang'ana kwambiri kuposa enawo. Womaliza unabwera itangopitirira firii koloko, ndipo pansi pake panalibenso china.

Kabokosi kaja kananena zonse, pa nthawi yake. Mauthengawo anali pa shelefu, masitepe atatu kuchokera pa mpando wanga.

Ndinalira pamaso pa achikulire, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pamaso pa mwamuna wamkulu. Anandisiya mpaka nditamaliza. Kenako anati, "Tsiku lija sunazule."

"Sindinazule."

"Ndipo chofiira chija unachiona kuti sichikugwirizana ndi zimene ndinanena."

"Ndinachiona."

"Ukanandiuza, ndikanakudya?"

Iwo anapukuta magalasi awo ndi m'mphepete mwa malaya. "Nanenso ndinayankha chikwama chili m'manja. Tiye kwa abwana."

Kumeneko anayankhula ndi iwo, ndipo paliponse ankati tinalakwitsa, sitinayese, tinaganiza. Abwana anagwira mutu, anafunsa mafunso ochepa, kenako anati mu lipoti alemba kuti panali vuto la makina. Sanandichotse ntchito. Nthawi zina ndimaganiza kuti zikanandipepukira akanandichotsa.

Msewu utatseguka ndinapita kwathu. Ndinapeza amayi kwa amalume, akugona m'khitchini, atavala chitenje cha akazi a amalumewo. Pa njira yochokera pa msewu ndinakumana ndi amayi oyandikana nafe aja atasenza ndowa. Ndinawapatsa moni, anayankha bwinobwino, mpaka anandipepesa za nyumba. Apongozi awo okalamba aja anali m'chipatala ndi chibayo chimene chinawagwira pa chulu paja. Anamwalira patapita milungu iwiri. Anthu amati unali ukalamba. Ine sindikudziwa.

Ndinadabwa kuti palibe amene ankandiyang'ana moipa. Amalume ndi amene anandimasulira, tili awiri kuseri kwa nkhokwe.

"Amayi akowa ndi ouma mutu. Iwe kuwauza kuti samukani, iwo kumva zawozawo n'kukauza anthu kuti tidikire. Akuti netiweki inkadukaduka. Pano anzawo sakuwayankhula bwino, pa mjigo akafika nkhani imatha."

Ndinangoti, "Anatero?"

"Anena okha pamaso pa anthu, ku tchalitchi."

Madzulo, dzuwa lidakalipo, ndinawapeza akusankha nyemba zimene anapatsidwa. Ndinakhala pansi pafupi nawo. Ndinatola timiyala tisanu ndi titatu n'kutindandalika pa dothi, kenako ndinaika timitengo tisanu ndi titatu pansi pake, koma nditatisuntha malo amodzi, moti mwala woyamba unatsala wopanda kamtengo ndipo kamtengo komaliza kanatsala kopanda mwala. Ndinawafotokozera kuti miyalayo ndi mitsinje, timitengoto ndi mayina amene ndinapanga. Ndinawauza za ziro, za uthenga wofiira umene ndinautseka pakamwa, za chingwe chimene ndinachigwira n'kuchisiya. Sindinabise kalikonse. Iwo anasiya nyemba n'kumayang'ana mwala woyamba uja.

"Uwu ndi wathu?"

"Ndi wathu."

"Ndiye kabokosi kaja kankanena."

"Kankanena, amayi."

"Koma panalibe womva."

"Panalibe."

Anautola mwalawo, anautembenuza m'manja, anaubwezera pamalo pake.

"Mawa ndipita kwa anthu aja ndikawauze," ndinatero. "Munamva bwino. Ndine ndinati mudikire."

"Ukawauze chiyani? Za ziro?"

"Ndikawauze kuti si inu."

"Ukawauza, mbuzi zawo zidzuka?" Sanakweze mawu. "Iwe ukwera basi Lamlungu. Anthu awa ndimakhala nawo ndine, ndimawadziwa. Andikwiyira chaka chimodzi, kenako wina adzafuna mchere. Koma akamva kuti ndiwe, adzanena mpaka ana ako, kuti mwana wa uje anapita kusukulu kukaphunzira kumiza anthu. Usapite."

"Koma si zoona."

"Zoona ndi izi, bambo. Mwala uja ndinauona ndi maso angawa utamira. Abambo ako sanati mwala ukamira ukafunse munthu. Anati mwala ukamira, nyamuka. Zofunda ndinali nditamanga. Ndinazimasula ndekha."

Anabwerera ku nyemba zawo. Patapita nthawi anafunsa ngati asuweni anga a ku Kanjedza akundisunga bwino, ndiponso chifukwa chake ndawonda.

Sindinapite kwa anthu aja. Ndinamvera, monga ndimachitira nthawi zonse munthu wamkulu akanena, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati kumvera kumeneko kunali kwabwino kapena kunali komwe kuja kwa pa shelefu. Lamlungu ndinakwera basi.

Ntchito ndikugwirabe komweko. Masiteshoni anawonjezeka, ndipo pulogalamu ija ikugwirabe ntchito yake yosandutsa manambala awiri kukhala mayina a mapoti. Tsopano ikapanga mayina imawaonetsa onse, lililonse pambali pa mtsinje wake, ndipo likasowa limodzi imakana kupitirira, sikirini yonse imafiira, kaya kuli alendo kaya kulibe. Uthenga uliwonse umabwera ndi nambala ya siteshoni yake mkati. Achikulire anapuma ntchito. Zingwe ndimazula ndine, chimodzichimodzi, nthawi iliyonse wina akakhudza shelefu, ndipo amene anabwera pambuyo panga amaseka kuti ndimachita ngati mwambo wa ku tchalitchi.

Amayi anamanganso pamalo pomwe paja, chifukwa dimba lawo lili kumeneko. Amalume anawapatsa timbuzi tiwiri. Amayi oyandikana nawo aja anayambanso kuwayankhula, ngakhale sizinatenge chaka chimodzi, zinatenga zitatu. Pa mlatho watsopano anaikapo kabokosi kena.

Dzinja lapitali, tsiku lina cha m'ma leveni, mzere wa siteshoni wani unayamba kukwera mofulumira. Ndinapita pa shelefu, ndinazula chingwe choyamba, mzere wa wani unafa, ndinachibwezera. Unali wake. Nambala itadutsa malire ndinatumiza chenjezo kwa onse oyenera kulilandira, kenako ndinatuluka kukaima pansi pa mtengo uja, mvula ikundidonthera m'khosi, n'kuimba.

"Amayi, madzi akubwera. Nyamukani tsopano."

"Tafika kale kwa amalume ako," anatero. "Mwala unamira m'mawa."

Kumbuyo kwawo ndinkamva mbuzi zikulira. Ndinadikira kuti mwina afunsa kuti makina akuti afika pati. Anandifunsa ngati ndatenga juzi.